Chilembo chimodzi chidatsala pang'ono kumiza bwato la amalume

Abale anzanga, makamaka inu a geni amene mumalemba ngongole m'kope la ana a sukulu, musanapite patali ndi nkhaniyi tayang'anani mawu awiri awa: ndalipira, ndilipira. Mwaona kusiyana? Ngati mwaona msanga, maso anu ngabwino. Kusiyanako ndi chilembo chimodzi chokha, koma ku Kachulu, kugombe la kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, chilembo chimenechi chidatsala pang'ono kudya K200,000 ya amalume anga, n'kudanitsa mabanja awiri amene akhala akupalana moto kuyambira ine ndisanabadwe.

Mukukumbukira kuti chaka cha 2018 nyanjayi idaphwa mbali yaikulu. Sikadali koyamba. Akuluakulu amasimba za 1968, ndipo za 1995 ambiri tidazimva kwa makolo. Chilwa ndi nyanja yosazama, yopanda mtsinje wotulutsa madzi. Imangodalira zomwe Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina yaibweretsera, ndiye mvula ikanyanyala zaka zotsatizana mabwato amangogona pamatope ong'aluka. Nthawi yotero bwato limatsika mtengo. Bambo wina wachikulire, mnansi wa amalume, adaganiza zogulitsa bwato lake lamatabwa kuti apeze chimanga. Amalume, munthu wodziwa kuti Chilwa amachoka koma amabwerera, adati ndigula. Adagwirizana K400,000, theka pompo, theka madzi akabwerera. Mnyamata wina wa Fomu 2 adalemba mapepala awiri, lina la wogula lina la wogulitsa, mboni zidadinda zala, ndipo mlembi wa amfumu adalowetsa nkhaniyo m'buku la m'mudzi.

Madzi adabwerera ndi mvula ya 2019. Matemba, makumba ndi milamba zidayambanso kuoneka, amalume adapereka theka lachiwiri anthu akuona, ndipo tonse tidayesa nkhani yatha. Koma mwini bwato uja atamwalira, ana ake ochokera ku Blantyre ndi ku Joni adabwera kudzalongosola chuma cha masiye. M'chikwama cha malemu adapezamo pepala lonena kuti "theka ndilipira lero". Limenelo ndi lonjezo, si risiti. Atapita kwa amfumu, buku nalo lidati "ndilipira". Pepala la amalume lokha, lothimbirira ndi utsi wa nsomba, ndilo linkati "ndalipira".

"Mapepala awiri akutsutsa limodzi," adatero mwana wamkulu wa malemu. "Theka lachiwiri sitikukana, anthu adaona. Koma loyamba adangolonjeza. Atiuze adapereka kwa yani."

Amalume adandiimbira foni usiku, mawu akunjenjemera. "Mphwanga, iwe udapita ku Chirunga. Bwera udzandiwerengere mapepalawa, anthu akundiyesa wakuba."

Kunena zoona ku Chirunga ndidangopondako zaka ziwiri, fizi idandigonjetsa. Koma m'zaka ziwirizo ndidatolako chinthu chimodzi chomwe ndinkachiyesa chopanda phindu kuposa zonse. Pali akatswiri ena padziko pano amene ntchito yawo ndi kuika makope a nkhani imodzi pambali ndi pambali, n'kumafufuza kuti asiyana pati, ndipo adasiyana bwanji. Maphunziro ake amawatcha philology, ndipo ntchito yofananizayo amati collation. Chomwe chidandisangalatsa n'choti kope lililonse iwo amalitcha mboni, ngati pabwalo la milandu. Ndipo lamulo lawo loyamba ndi ili: mboni saziwerenga, amazifufuza kumene zachokera.

Inu ana a sukulu lamuloli mumalidziwa kale, kungoti simulidziwa dzina. Mphunzitsi akapeza ana awiri alemba yankho lolondola lofanana, sadabwa, poti choona n'chimodzi. Koma akapeza awiri alakwitsa mofanana ndendende, pamalo amodzi, amadziwa kuti wina waonera mnzake. Mjeremani wina, Karl Lachmann, yemwe adamwalira mu 1851, ndiye amatchuka ndi nzeru imeneyi pa zolembedwa zakale: kufanana pa zolondola sikusonyeza kanthu, koma kufanana pa zolakwika kumaulula chibale. Makope khumi okopedwa kuchokera ku kope limodzi lolakwika si mboni khumi. Ndi mboni imodzi yomwe yalankhula kakhumi.

Vuto n'loti maso a munthu amatopa, ndiponso amanama. Munthu ukamawerenga chinthu chomwe ukuchidziwa kale, umaona zomwe ukuyembekeza kuona. N'chifukwa chake akatswiriwa adayamba kalekale kufuna makina oti awathandize. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, Charlton Hinman wa ku America adapanga chimakina cha magalasi ndi magetsi ophethira. Ankaika makope awiri a tsamba limodzi, makinawo n'kumawaonetsa mosinthanasinthana mwachangu, ndipo paliponse pamene panali kusiyana chilembocho chinkaoneka ngati chikuvina. Ndi makina amenewa adafananiza makope 55 a buku la masewero a Shakespeare losindikizidwa mu 1623, n'kupeza kuti ngakhale mabuku otuluka m'makina amodzi osindikizira sadali ofanana, poti osindikiza ankakonza zolakwika ntchito ili m'kati, osataya masamba omwe adasindikiza kale. Zomwe adapeza adazitulutsa m'buku mu 1963.

Kompyuta itabwera zinthu zidaphweka. Mu 1974 ku Bell Labs ku America kudatuluka kapulogalamu kotchedwa diff, komwe Douglas McIlroy adali patsogolo pokapanga. Ntchito yake n'kutenga zolemba ziwiri n'kuonetsa mizere yomwe yachotsedwa, yawonjezedwa kapena yasinthidwa. Nzeru yake ndi yosavuta kumva: kompyuta imayamba yafunafuna mndandanda wautali kwambiri wa zinthu zomwe zolemba ziwirizo zikufanana motsatizana, ndipo chilichonse chotsalira kunja kwa mndandandawo ndicho kusiyana. Zidzukulu za kapulogalamu kameneka mumakumana nazo osadziwa. Mu Microsoft Word muli batani lolembedwa Compare, ndipo mu LibreOffice, yomwe ndi yaulere, mulinso lotere. Ndikukhulupirira kuti pa anthu khumi olemba makalata m'mashopu a fotokope mu Zomba, ambiri sadalidinepo n'kamodzi komwe.

Koma batani limenelo limafananiza zolemba ziwiri basi. Nanga zikakhala zitatu, kapena makumi asanu? Apa ndipo padatulukira mapulogalamu a akatswiri a zolembedwa zakale. Peter Robinson adapanga ina yotchedwa Collate ali ku Oxford chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo adaigwiritsa ntchito pa ndakatulo za Geoffrey Chaucer, The Canterbury Tales, zomwe zidafala pokopedwa ndi manja makina osindikizira asanafike ku England. Mu 1998 iye ndi anzake adalemba m'magazini ya sayansi ya Nature momwe adatengera makope 58 a gawo limodzi la bukulo n'kuwalowetsa mu pulogalamu yomwe akatswiri a zamoyo amagwiritsa ntchito pofufuza chibale cha zolengedwa. Pulogalamuyo idajambula mtundu wa makopewo, uyu mwana wa uyu, awa apachibale, monga momwe agogo amalongosolera mbumba pamaliro. Yomwe idalowa m'malo mwa Collate ndi CollateX, yaulere, yopangidwa ndi Ronald Haentjens Dekker wa ku Netherlands pamodzi ndi anzake a ku Ulaya. Imeneyi ndiyo ndidapita nayo ku Kachulu, mnzanga wina wophunzira za makompyuta atandiikira mu laputopu yanga yakalekale, chifukwa ndekha sindikadatha.

Ntchito yoyamba idali yowawa kuposa zonse, ndipo palibe makina adandithandiza. Ndidayenera kutaipa mapepala atatuwo chilembo ndi chilembo, monga momwe alili, pamodzi ndi zolakwika zake. Zala zinkafuna kukonza zokha. Pomwe mnyamata adalemba "kulipila" zala zinkathamangira "kulipira". Ndikadalola, bwenzi nditakhala mboni yachinayi yabodza. Ndidataipa masana kusitolo ina komwe kuli sola, ndikulipira ndalama yotchajira, mwini sitolo akundiyang'ana ngati ndikuombeza.

Nditadina, pulogalamu idatulutsa tebulo. Pepala lililonse lidali ndi mzere wake, ndipo mawu adandandalikidwa lina pansi pa linzake kuti pomwe asiyana paoneke. Ndidangoti kakasi. Pafupifupi paliponse padali kusiyana. Wina adalemba "m'mudzi", wina "mmudzi", wina "mu mudzi". Wina "n'kupereka", wina "nkupereka", wina "ndikupeleka". Wina "K400,000", wina "400 000 kwacha". Kapepala ka mizere khumi ndi iwiri kadaoneka ngati nkhani zitatu zosadziwana.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa vuto limeneli ndi lathulathu, ndipo aliyense wofuna kugwiritsa ntchito mapulogalamuwa pa Chichewa adzakumana nalo. Chilankhulo chathu chalembedwa m'njira zambiri. Tengani dzina la nyanja yomweyi. David Livingstone atafika kuno ndi John Kirk mu April 1859 adalemba kuti Shirwa. Lero timalemba Chilwa, pomwe lamulo lomwe tidaphunzira kupulaimale limati pambuyo pa i ndi e pamabwera r, kutanthauza kuti tikadayenera kulemba Chirwa. Kwa kompyuta zimenezi ndi nyanja zitatu. Bungwe la Chichewa Board, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Anzathu a ku Zambia amalemba "cifukwa" pomwe ife timati "chifukwa", ndipo amene muli ndi Buku Lopatulika lakale la agogo mukatsegula mupeza kalembedwe komweko kopanda h. Onjezanipo kalembedwe ka pa WhatsApp, komwe aliyense ndi Chichewa Board payekha.

Akatswiri njira yake ali nayo. Usanafananize umayamba wauza kompyuta kuti mawu akutiakuti iwatenge ngati amodzi. Ndidakhala pansi n'kulemba mndandanda: l ndi r pakati pa mawu n'chimodzimodzi, kachizindikiro ka m'mwamba kakhalepo kasakhalepo palibe kanthu, "mu mudzi" ndi "m'mudzi" ndi amodzi. Koma taonani msampha wake. "Kulipira" ndi "kulipila" asiyana chilembo chimodzi, ndipo kusiyanako n'kopanda ntchito. "Ndalipira" ndi "ndilipira" asiyananso chilembo chimodzi, ndipo kusiyanako ndi K200,000. Kompyuta imayeza kutalikirana kwa mawu powerenga zilembo zofunika kusintha kuti liwu lina lisanduke linzake, njira yomwe katswiri wa masamu wa ku Russia, Vladimir Levenshtein, adaifotokoza mu 1965. Pa muyeso umenewu magulu awiriwa ndi ofanana, chimodzi kuno chimodzi uko. Amene angadziwe kuti chilembo ichi n'chabe koma icho ndi mlandu ndi munthu woyamwa chilankhulocho.

Ndipo Chichewa n'choopsa pa mbali imeneyi kuposa Chingerezi chomwe mapulogalamuwa adabadwira. Ife timalongedza chiganizo chonse m'liwu limodzi. Wochita, nthawi, wochitiridwa, kukana, zonse zimakhala tizidutswa tomamatirana. Ku London mu 1631 osindikiza awiri, Robert Barker ndi Martin Lucas, adatulutsa Baibulo lomwe pa lamulo loletsa chigololo adaiwala liwu lokaniza, lamulolo n'kusanduka lolamula. Adalipitsidwa mapaundi 300. Kwa iwo lidasowa liwu lathunthu, loti munthu watcheru angaone mpata. Kwa ife kukana kumabisala m'kati mwa liwu, "sa" kapena "si", tizilembo tiwiri. Palinso pena pomwe kompyuta siona kusiyana pomwe kulipo: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timazisiyanitsa ndi kamvekedwe, papepala n'chimodzi.

Nditamaliza kusesa zinyalala za kalembedwe, tebulo lija lidayera, n'kutsala malo awiri okha. Oyamba adali chilembo cha mlandu chija. Achiwiri palibe adawaona, ngakhale mapepalawo adawerengedwa mokweza pabwalo kawiri konse. Pepala la amalume, potchula katundu wogulitsidwa, lidati bwato limodzi, nkhafi ziwiri ndi khoka limodzi. Pepala la ana a malemu lidangoti bwato limodzi, n'kupitirira. Buku la amfumu nalo, bwato limodzi, n'kupitirira. Nkhafi ndi khoka zidasowa m'mapepala onse awiri, pamalo amodzimodzi.

Kulakwitsa kotereku n'kwakale ngati kulemba komwe. Wokopera amawerenga mpaka pa "limodzi", n'kuweramira papepala lake kulemba, ndipo pobweza maso amagwera pa "limodzi" wachiwiri, n'kudumpha zonse za pakati. Alembi a m'nyumba za amonke ku Ulaya ankachita zomwezi zaka mazanamazana zapitazo. Munthu mmodzi kudumpha chotere n'chapafupi. Koma anthu awiri kudumpha pamodzimodzi, aliyense payekha, ndiponso onse n'kusintha chilembo chomwecho, ndi ana awiri aja olakwitsa samu mofanana.

Ndidapita kwa mlembi wa amfumu mwaulemu. "Bambo, pepani, bukuli ndi lomwe lija la 2018?" Adayamba wakhala chete. Kenaka adati ayi, lakale lidanyowa ndi madzi a namondwe Freddy mu March 2023, masamba adamatirana, inki idayenderera. Pofuna kubwezeretsa adayenda m'makomo kupempha anthu mapepala awo, ndipo la bwatoli adakopera kwa mwini wogulitsa, yemwe nthawi imeneyo adali moyo. Sadabise, kungoti palibe adamufunsa. Sindimuimba mlandu bamboyu. Adachita zomwe akadatha, ndipo midzi yambiri yomwe mabuku ake adanyowa chaka chimenecho palibe adavutika n'kuwalembanso.

Choncho mboni sizidali ziwiri kutsutsa imodzi. Idali imodzi kwa imodzi.

Apa ena muganiza kuti kompyuta yapambana mlandu. Ayi ndithu. Idangoonetsa kuti pepala la ana a malemu lidalembedwa mothamanga, poti khoka lija anawo adavomera okha kuti lidali la bambo awo ndipo lidapita ndi bwato. Wodumpha mzere akhoza kusinthanso chilembo. Koma "akhoza" si umboni. Mwana wamkulu adafunsa funso lanzeru: bwanji ngati amalume adatenga cholembera n'kuzunguliza i kuti akhale a? Funso limeneli CollateX singaliyankhe, chifukwa siona pepala, imangoona zomwe ine ndataipa. Inki, kufufuta, dzanja la wolemba, zonsezi zimafuna diso la munthu pa pepala lenileni.

Ife Amalawi phunziro limeneli tidalilipira modula. Pa chisankho cha 21 May 2019 nkhani yonse idagona pa mapepala a zotsatira: omwe adali ndi oyang'anira a zipani, omwe adafika kumalo owerengera, ofufutidwa ndi Tipp-Ex, ndi ena olembedwa kuti ndi makope achiwiri. Majaji asanu atagamula pa 3 February 2020 kuti chisankho cha pulezidenti chichitikenso, n'kuchitikadi pa 23 June chaka chomwecho, ntchito yaikulu yomwe idachitika m'khoti idali yomweyi, kuika pepala pambali pa linzake. Manambala akadatha kufananizidwa ndi makina, koma utoto woyera uja udaonedwa ndi maso. Ndipo mlandu udatheka chifukwa padali anthu omwe adasunga makope awo.

Pamenepa ndipo ine ndimaona kuti tili ofooka. Sitisunga makope akale. Chatsopano chikabwera, chakale timakulungira mandasi. Kuno ku Zomba kuli nyumba yosungira zolembedwa zakale za dziko lino, koma ngakhale kumeneko mbiri ya zaka zoyambirira za boma la atsamunda ili ndi mpata, poti moto udatentha maofesi a boma mu 1919. Kope likatsala limodzi, palibe pulogalamu ingakuuzeni chomwe chidasowamo. Tengani malamulo aakulu a dziko lino a 1994. Gawo 64, lomwe linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe, lidachotsedwa mu 1995. Magawo okhazikitsa nyumba ya Seneti adachotsedwa mu 2001. Sizidachitike mobisa, zidadutsa ku Nyumba ya Malamulo. Koma ndi angati mwa inu ophunzira mudaikapo malamulo a 1994 pambali pa a lero n'kuona ndi maso anu zomwe zidalowa ndi zomwe zidatuluka? Ndi ntchito ya madzulo amodzi kwa munthu wokhala ndi makope onse awiri ndi batani lija. Chimodzimodzi bilu yomwe yalowa m'Nyumba ndi lamulo lomwe latuluka, kapena mgwirizano wa lendi ya shopu wa chaka chatha ndi womwe alandilodi akubweretserani kuti mungosaina poti "ndi womwe uja".

Amene adazolowera ntchitoyi kuno kwathu ndi omasulira Baibulo. Buku Lopatulika, lomwe William Murray ndi anzake adaligwirira ntchito paphiri la Kaso ku Mvera, lidatuluka mu 1922. Akatolika adatulutsa Malembo Oyera mu 1966, ndipo Buku Loyera, lomwe mipingo idachitira pamodzi, lidatuluka mu 1998. Omasulira a masiku ano amagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa Paratext, yomwe imaika vesi limodzi m'Mabaibulo angapo pambali ndi pambali, n'kusunganso mbiri ya kusintha kulikonse. Mukamva alaliki a m'basi akukangana kuti Baibulo lina lidachotsa mavesi, dziwani kuti nkhani yake ndi ya mboni zomwezi. Makope olembedwa pamanja a Chipangano Chatsopano m'Chigiriki alipo oposa 5,000, ndipo ku Münster ku Germany kuli malo omwe Kurt Aland adakhazikitsa mu 1959 ongofananiza makopewa. Mavesi 9 mpaka 20 a mutu 16 wa Marko mulibe m'makope awiri akale kwambiri, Codex Sinaiticus ndi Codex Vaticanus, a zaka za m'ma 300, koma alimo m'makope ambirimbiri a pambuyo pake. Ochuluka akuti alimo, akale akuti mulibe. N'chifukwa chake Mabaibulo ambiri a lero amawasindikiza koma n'kuikapo kachenjezo.

Komanso si kusiyana kulikonse komwe kuli kulakwitsa. Pomwe Buku Lopatulika limati Yehova, Buku Loyera limati Chauta. Palibe diso lidadumpha mzere pamenepo, anthu adakhala pansi n'kusankha. Wansembe Matthew Schoffeleers atasonkhanitsa nkhani za Mbona wa ku Khulubvi ku Nsanje, zomwe adazifotokoza m'buku lake la 1992, River of Blood, adapeza kuti anthu amaisimba mosiyanasiyana, ndipo kusiyanako kunkatsata amene akusimba ndi udindo wake. Pa nkhani za pakamwa zotere kufunafuna "yoyambirira" n'kutaya nthawi, phindu lili m'kusiyanamo. Tsoka lake n'loti pulogalamu imapaka utoto umodzi pa zonse, kulakwitsa kwa dzanja, kusankha kwa womasulira, chinyengo cha wakuba ndi luso la wosimba nthano.

Chomwe ndikadakonda n'choti a Centre for Language Studies, omwe adalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996 ndipo ali konkuno ku Zomba, agwirizane ndi ophunzira a makompyuta apange mndandanda wa kalembedwe kosiyana ka mawu amodzi, woti aliyense autenge ulele n'kuulowetsa m'mapulogalamu otere. Wanga ndidaulemba pamanja tsiku lathunthu chifukwa cha mizere khumi ndi iwiri. Wofuna kufananiza mabuku athunthu angakalambe asanayambe. Inu amene mukusowa mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza, nawu mutu.

Tibwerere ku Kachulu. Mnyamata adalemba mapepala uja tidampeza pafoni, ali ku Mozambique, ndipo adaseka n'kunena kuti za 2018 sangakumbuke, kungoti lachiwiri adalemba dzuwa litalowa. Pa mboni ziwiri zomwe zidadinda zala, imodzi idamwalira. Yotsala idali mayi wina wokalamba wogulitsa nkhuni zowambira nsomba, yemwe poyamba palibe adamuitana, poti aliyense ankati mapepala alankhula kale, nanga munthu wosadziwa kuwerenga anenanji.

Pabwalo amfumu adandilola kufotokoza. Laputopu sindidaitsegule n'komwe. Ndidayala mapepala atatuwo pamphasa, n'kupempha mwana wamkulu wa malemu kuti awerenge yekha mzere wa katundu pa lililonse. Adawerenga, n'kubwereza, n'kukhala chete. Mlembi adaimirira n'kunena za buku lonyowa. Kenaka pepala la amalume lidayenda m'manja mwa anthu, aliyense akuliyang'ana padzuwa kuti aone ngati a uja adachita kuzungulizidwa. Ena adati inki ndi imodzi, ena adati utsi wadetsa sangadziwe.

Amfumu adatembenukira kwa mayi uja. "Agogo, inu mudalipo. Mudaona chiyani?"

"Zolembazo ine sindidziwa, amfumu," adatero. "Koma ndalama adawerengera pa lichero langa, za ma 2,000 zokhazokha, poti kudali mphepo ndipo tidatsindira ndi mwala. M'mawa mwake malemu adabwereka njinga ya mwana wanga kukagula chimanga kwa Jali. Adabwera ndi matumba awiri, ndipo adandipatsako mbale imodzi."

Mwana wamkazi wa malemu, yemwe nthawi yonseyi sadalankhule, adati chimanga chimenecho akuchikumbuka. Mchimwene wake adapukusa mutu, n'kunena kuti walola, ngakhale nkhope yake sidaoneke ngati ya munthu wokhutira, ndipo mpaka lero akakumana ndi amalume moni wake ndi wapatalipatali.

Mlembi adatenga cholembera kuti akonze buku. Ndidamugwira dzanja. Ndidampempha kuti asafufute kanthu, i uja amusiye momwe alili, koma alembe m'mphepete mawu osowawo ndi zomwe bwalo lagamula, aikepo tsiku ndi dzina lake. Adandiyang'ana modabwa, koma adalemba. Ine ndidajambula masamba onse atatu ndi foni n'kutumiza kwa mbali zonse ziwiri. Amalume adapinda pepala lawo kanayi, n'kulikulunga m'jumbo ya shuga, n'kulibwezera m'thumba la malaya. Pondiperekeza kokwerera njinga yamoto adandinyamulira matemba owamba odzaza ndowa yaing'ono, n'kundifunsa ngati kawailesi kangako kangawerengenso mapepala a munda wa agogo, poti nawo alipo awiri.